Khadi la Dzina Limodzi

Bambo anga anali owotcherera zitsulo pa Chamama. Shedi yawo inali kuseri kwa golosale ya shehe wina, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kukonza ngolo ndi majeke odindira mabelo a fodya. Kwathu tinabadwa akazi okhaokha. Ine banja litandikanika ndinabwerera kwa makolo, ndipo tsiku lina bambo anandiitana kuti ndingowagwirira chitsulo pamene iwo akuwotcherera. Kugwira kumeneko ndi kumene kunandilowetsa m'shedimo, sindinatulukenso. Patapita zaka, alimi ankabwera n'kunena kuti akufuna mwana wamkazi uja, chifukwa akawotcherera ekiselo ya ngolo siibwereranso. Bambo ankanamizira kukwiya, koma kuseriku ankanyadira.

Shediyo ndinkaifuna, sindibisa. Koma panali msuweni wanga, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa bambo. Mwa mwambo wa kwawo kwa bambo ku Kapelula, katundu wa munthu wamwamuna amayang'ana kwa ana a mlongo wake, ndipo aliyense ankangoti shedi ija idzakhala ya mnyamatayu. Iye anagwirako ntchito ali wachinyamata, kenako n'kuthawa moto wa zitsulo kukachita uvenda wa fodya. Ankabwera ndalama zikamuthera, n'kumaima pakhomo manja m'thumba. Tinkasereulana kwambiri monga amachitira asuweni. Iye ankandiitana kuti akazi anga, ine n'kumamuti amuna anga aulesi. Sindinkadana naye. Ndinkangofuna kuti tsiku lodzakamba za shediyo likadzafika, abale adzandipatse ndi manja awiri.

Nkhani ya khadi inabwera ndi mlangizi wa kampani ina ya fodya. Anabweretsa majeke a makalabu ake, ntchito inamusangalatsa, ndipo pochoka anapempha khadi loti azipatsa alimi. Bambo analibe. Anang'amba kachidutswa ka katoni n'kulembapo nambala ya foni ndi choko. Mlangiziyo anakalandira mwaulemu, koma galimoto itangonyamuka bambo anakhala pa tayala n'kupukusa mutu.

"Ukulu wonsewu ndikupereka katoni ngati wogulitsa mandasi," anatero.

Ndinawauza kuti pa Chamama pomwepo pali anyamata a makompyuta, angatipangire makhadi tsiku lomwelo, a mitundumitundu. Anakana. Anati za anyamatawo zimasuluka ndi thukuta la m'thumba. Iwo anali ndi mnzawo ku Boma, cha kwa Mwase, mkulu wina amene ankasindikiza ndi makina akalekale opalasa ndi phazi. Bambo anawawotchererapo makinawo atathyoka, ndipo kuyambira pamenepo ankaitanana kuti achimwene. Sabata yotsatira tinatseka shedi n'kukwera minibasi.

Mkuluyo ankagwirira ntchito m'kachipinda konunkha inki ndi palafini. Makina ake anali pakati, akuda, otseguka ndi kutsekeka ngati kamwa ya ng'ombe ikamabzikula. M'mbali munali madilowa osanjikizana, dilowa lililonse logawidwa timagawo, ndipo m'timagawomo munali zilembo zamtovu, china chilichonse pachokha. Mkuluyo ankatola chimodzichimodzi n'kumazindandalika chagada m'kachitsulo ka m'manja. Mzere ukadzadza, wadzadza. Panalibe zoti tifinye pang'ono kapena tichepetse ngati pa kompyuta.

Bambo anafika ndi maganizo akuluakulu. Poyamba anafuna chithunzi cha ngolo. Mkuluyo anatsegula kabokosi ka zithunzi zimene anali nazo: mtanda, nkhunda, belu, mphete ziwiri za ukwati ndi duwa.

"Sankhanipo, achimwene."

"Nkhunda pa khadi la wowotcherera? Anthu aziti ndimakonza mizimu?"

Chithunzi cha ngolo chinafunika kukachisemetsa ku Lilongwe, ndiye tinachisiya. Kenako bambo anafuna inki yofiira ndi yakuda. Mkuluyo anati mtundu uliwonse ndi ulendo wakewake pa makina, ndipo khadi likangosuntha pang'ono ulendo wachiwiri, mawu amakwerana. Tinagwirizana zakuda zokha. Ndiye bambo anayamba kutchula ntchito zawo: ngolo, majeke, mawilibala, makasu, mafelemu a zitseko, mabedi, zigayo. Mkuluyo anawasiya mpaka atamaliza, kenako anatenga kapepala kolingana ndi khadi n'kukaika pa chikhatho chawo.

"Munda wanu ndi uwu. Zonsezo mudzala pati? Zilembo zing'onozing'ono ndili nazo, koma zimatsekeka ndi inki, ndipo mlimi wa fodya maso ake anatha ndi utsi. Tchulani ziwiri."

Zinatsala ngolo ndi majeke. Mpaka pamenepo tinkaseka.

Kuseka kunatha titafika pa dzina. Bambo anafuna kuti mzere wapamwamba ukhale dzina lawo, kutsogolo kwake mawu oti ndi mwana wake, kenako dzina langa. Mkuluyo anayesa ndi zilembo zikuluzikulu, mzere unadzadza dzina langa lisanayambe. Anayesa ndi zocheperako, zinakwana, koma bambo atayang'ana anati dzina likuoneka ngati likupepesa. Anayesa mizere iwiri, nambala ya foni inasowa pokhala. Anamasula n'kumanganso kangapo, ine nditaima potsamira dilowa, miyendo ikuwawa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene," mkuluyo anatero. "Khadi ili likufuna dzina limodzi."

Ine ndinafulumira kunena kuti achotse langa, palibe vuto. Bambo anayang'ana mzere uja kwa kanthawi.

"Chotsani langa," anatero.

Mkuluyo anaima, chilembo chili m'manja. "Achimwene, dzina la munthu wamoyo sitichotsa chisawawa."

"Ine ndani sandidziwa kuyambira pa Chamama mpaka ku Kapelula? Amene akundidziwa safuna khadi. Khadi ndi la anthu amene sakumudziwa uyu."

"Ababa, ayi," ndinatero. "Mukadalipo inu. Azakhali akaona ati chiyani?"

"Azakhali ako ndikambirana nawo ndekha msika wa fodya ukatsekedwa. Panopa aliyense mutu uli ku okushoni."

Mkuluyo anandiyang'ana ine, ngati akufuna ndikanenso. Ndinakananso, koma bambo anali munthu woti akanena anena. Mkuluyo anayamba kuchotsa zilembo za dzina lawo, n'kumaponya chilichonse m'kagawo kake, kho, kho, kho. Thupi langa linachita tsemwe. Komanso ndinasangalala, ndipo chisangalalocho sindichita nacho manyazi. Ndinapsa manja m'shedi muja zaka zambiri, ndipo aka kanali koyamba kuti bambo anene pamaso pa munthu wina zimene ankaganiza.

Dzina langa lokha linasiya mpata pansi pake. Mkuluyo anafunsa ngati aikepo duwa lija. Bambo anati maluwa ndi a pa ukwati, aikepo mawu amodzi okha akuti mwini. Mkuluyo anamanga zonse m'felemu yachitsulo, anapaka inki, n'kupalasa kamodzi pa pepala loyesera. Zilembo zinalowa m'pepalamo moti ukasisita ndi chala umazimva. Pamwamba dzina langa, pansi pake mwini, kenako ngolo ndi majeke, Chamama, ndi nambala ya foni yanga. Linali khadi lokongola, lopanda chilichonse chowonjezera.

Pepala lochindikala loyenera makhadi linali litamuthera mkuluyo, ankadikira lochokera ku Lilongwe. Anamanga zilembo zathu ndi ulusi n'kuziika pa shelefu pamodzi ndi ntchito zina zodikira. Anati adzatiimbira.

Kunyumba mayi atamva sanakondwe. Anasiya mbale imene ankatsuka.

"Inu bambo, mukudziitanira chiyani? Munthu amadzifufuta yekha akuyenda?"

Bambo anaseka n'kunena kuti amayi anu amaopa ngakhale chithunzithunzi chawo. Mayi sanasekeko, ndipo madzulo amenewo sanandiyankhule.

Kenako ntchito inatipanikiza. Inali nyengo yodinda mabelo, majeke ankabwera othyoka tsiku ndi tsiku, ngolo zili pamzere panja. Mkulu uja sanaimbe, ife sitinafunse, ndipo za khadi zinachoka m'mutu. Msika wa fodya unali usanatsekedwe pamene bambo anagwa. Kunali m'mawa, kukuzizira, tikukweza tayala la ngolo. Anangoti mutu, n'kukhala pansi, kenako n'kugwera chammbali. M'shedimo tinalimo awiri okha. Ndinakuwa, shehe wa pagolosale anathamangira n'kutipatsa galimoto yake, koma ku chipatala cha ku Boma bambo sanatsegulenso pakamwa. Adokotala anati ndi magazi othamanga. Munthu amene sanagonepo m'chipatala moyo wake wonse anapita ngati wazimitsidwa.

Maliro anakachitikira kwawo ku Kapelula. Kumeneko mayi ndi ife ana tinali alendo, olemekezeka ndithu, koma alendo. Eni maliro anali azakhali ndi atate aakulu, mkulu wawo wa bambo. Ife tinakhala m'nyumba ya siwa ndi azimayi, azibambo ali panja pansi pa chigafa chimene anachotsamo fodya.

Zimene zinachitika panjapo ndinazimva pambuyo pake. Mkulu wosindikiza uja atamva za imfayo anagwidwa ndi chisoni kuti anachedwetsa ntchito ya mnzake. Pepala linali litafika. Anatsitsa zilembo zija pa shelefu, anasindikiza makhadi onse, n'kubwera nawo pa tsiku loika maliro. Kwa iye kunali kukwaniritsa mawu a mnzake. Koma munthu wamwamuna sakanalowa m'siwa kudzandifuna pakati pa azimayi. Anapereka phukusi la makhadiwo kwa mwamuna amene anamulandira n'kumupatsa pokhala, kuti adzandipatse zinthu zikadzatha. Mwamunayo anali msuweni wanga. Ndipo osindikiza ali ndi chizolowezi chawo: akakulunga ntchito amamata khadi limodzi kunja kwa phukusi kuti lidziwike la ndani. Msuweni wanga sanafunikire n'komwe kumasula.

Ine ndinangoona kuti zinthu zasintha pochokera kumanda. Mayi wina amene anandigwiriza popita, pobwera anayenda patali. Titakhala pamphasa, mbali yanga kunatsala malo, chonsecho m'nyumbamo munali mothinana. Mtsikana amene ankagawa madzi anandidumpha. Ndinaganiza kuti ndi kutopa kwa anthu, mpaka mng'ono wanga anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, mwapangitsa chiyani ku Boma? Kapepala kakuyenda m'manja mwa azibambo. Akuti pali dzina lanu, akuti mwini."

Ndinafunsa ngati mkulu wosindikiza uja akadalipo. Anali atakwera kale kabaza kubwerera. Ndinayesa kumuimbira, foni yake sinkapezeka. Ndinafuna kupita kwa azakhali nthawi yomweyo kukafotokoza, koma pa maliro sumangodzuka n'kuyambitsa nkhani ya katundu manda asanaume. Ndikanatero ndikanangotsimikizira zimene ankanong'onezanazo. Ndinabwerera pamphasa n'kukhala pa malo anga aakulu aja.

M'mawa mwake linali tsiku lometa. Anthu akutali anali atabalalika, tinatsala apabanja. Atatha kumeta, tinakhala pabwalo, amuna uku, akazi uku, mayi ali pakati pa alamu awo mutu uli mbee, atazolika. Atate aakulu anathokoza onse amene anagwira ntchito. Kenako anatulutsa phukusi lija pansi pa mpando, pamodzi ndi makiyi a shedi amene ndinawapatsa tsiku lobweretsa thupi, monga mwa mwambo.

"Mwana wanga, ichi n'chako?"

"N'changa, atate."

"Tawerengetsa ana asukulu. Akuti palembedwa kuti mwini wa shedi ndiwe. Dzina la mng'ono wanga palibepo. Unapangitsa liti?"

Ndisanayankhe, msuweni wanga anaimirira. Sanandiitane akazi anga. Ananunkhiza khadi limene linali m'manja mwake n'kulikweza m'mwamba.

"Inki iyi ndi yaiwisi, malume. Ngati wapangitsa dzana, ndiye kuti thupi lili ku mochale iye anali ku Boma kulembetsa shedi. Ngati anapangitsa kale, atiuze anadziwa bwanji kuti bambo ake achoka. Paja anali nawo yekha m'shedimo."

Panamveka kung'ung'udza. Mawu enieniwo palibe anawatchula, koma aliyense anawamva. Munthu amene sanabwereko n'komwe ku chipatala, lero akundinunkhizira inki! Ndinafuna kumufunsa kumene anali pamene ndinkanyamula bambo kuwakweza m'galimoto ya shehe. Ndinadzigwira, chifukwa mkazi wolalata pabwalo la maliro amakhala wadziweruza yekha.

Ndinagwada n'kufotokoza zonse mwa dongosolo. Ndinanena za mlangizi ndi katoni, za makina a mkulu uja, za mzere umene unakana kukwana mayina awiri. Ndinanena kuti ine ndinapempha kuti achotse langa, bambo n'kulamula kuti achotse lawo. Ndikuyankhula choncho ndinkadzimvera ndekha mmene nkhaniyo inkamvekera kwa anthu amene sanaonepo zilembo zamtovu.

"Ndiye ukuti dzina la mng'ono wanga linachoka chifukwa malo anachepa?" atate aakulu anafunsa. "Malo anachepera iye, iwe n'kukukwanira? Mpaka n'kutsalanso ena olembapo mwini?"

"Anafuna okha, atate. Anati adzakambirana ndi azakhali msika ukatsekedwa."

"Ine sanandiuze kanthu," azakhali anatero, osandiyang'ana.

"Mufunseni wosindikizayo. Analipo."

"Amene wamulipira iwe?" msuweni wanga anatero. "Womwalira sayankha, aliyense akhoza kumuikira mawu m'kamwa."

Ndinatembenukira kwa mayi. Namfedwa sayankhula pabwalo ngati ameneyu pokhapokha atafunsidwa, ndiye ndinapempha atate aakulu kuti awafunse. Anazengereza, kenako anati, "Mlamu, nkhani iyi mukuidziwa?"

Mayi atayankhula, mawu awo anali otsika, osasa ndi kulira.

"Ndikuidziwa. Anandiuza okha tsiku lomwe anachokera ku Boma. Mwanayu sakunama."

Ndinapuma. Koma mayi anali asanamalize.

"Ndinawauza kuti munthu sadzifufuta akuyenda, sanandimvere. Koma uyu anali pomwepo. Akanakana zenizeni, dzina lija silikanachoka. Lero bwenzi ali pano."

Anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse a msuweni wanga. Iye ankafuna shedi, ndinkamumvetsa. Mayi sankafuna kanthu, ankangonena zimene ankakhulupirira.

Atate aakulu anakanda mutu wawo wometa. Anati nkhaniyi ndi yolemera, koma mwambo ulipo, shedi ndi zipangizo zake ziyenera kupita kwa mwana wa mlongo wake wa malemu. Anatenga makiyi n'kutambasulira dzanja kwa msuweni wanga. Iye anayamba kuyenda kukalandira.

"Khala pansi!" azakhali anakuwa. Onse tinadzidzimuka. "Mwana wanga sakalowamo m'menemo. Ndaika mchimwene wanga dzulo, sindikufuna kuikanso wina. Mwini wake walembedwa kale. Mupatseni."

"Amayi, shedi ija ndi..."

"Ndati khala pansi. Ukufuna nawe ukagwe pambali pa ngolo?"

Msuweni wanga anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinaona mantha m'maso mwake. Anabwerera chambuyo n'kukhala. Ndinafuna kukuwa kuti sindikuifuna shediyo mwa njira imeneyi, kuti atenge iye, atenge ndi makina owotcherera omwe, bola andikhulupirire. Koma ndinadziwa kuti ndikaikana adzati ndikuthawa zimene ndinatchera m'menemo. Panalibe mawu amene akanandiyeretsa pa bwalo limene lija.

Atate aakulu anafunsa ngati pali wotsutsa. Panalibe. Anadzuka pampando ndi makiyi ndi phukusi lija, n'kubwera mbali ya azimayi kumene ndinagwada. Awa ndi atate amene ankandinyamula pakhosi ndili mwana, amene ankandisungira nzimbe ndikabwera kutchuthi. Ndinatambasula manja onse awiri monga anandiphunzitsira makolo.

Anaima patali pang'ono, anawerama, n'kuika makiyi ndi phukusilo pa dothi. Kenako anapukuta dzanja pa thalauza n'kubwerera pampando wawo.

Ndinakhala choncho manja ali m'malere, ndikudikira kuti mwina wina atola n'kundipatsa. Mng'ono wanga anayang'ana pansi. Mayi anali akulirabe m'chitenje. Ndinatsitsa manja n'kutola ndekha.